SIR QUINTIN BRAND, WOULUKA USIKU (1893–1968)

Munthu wocokera ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke, akamapita ku Lusaka pa basi, amaoloka Luangwa, napitirira Chongwe, ndipo asanalowe m'kati mwa mzinda amafika pa mphambano pamene mseu wopita ku bwalo lalikulu la ndege upatuka. Patsogolo pang'ono pali nyumba za Chelstone ndi za Avondale. Anthu a kumeneko anazolowera kulira kwa ndege monga ife a kumudzi tinazolowera kulira kwa nkhunda. Mwana wosewera pabwalo sakweza ndi mutu womwe. Koma inalipo nthawi imene makolo athu sanadziwe kanthu kena koyenda m'mlengalenga koma mbalame, dzombe ndi mitambo. Kumapeto kwa mwezi wa Febuluwale 1920 ndege inatera pa Abercorn, pamene lero timati Mbala, ndipo m'masiku owerengeka inadutsa dziko lonse la Zambia kufikira ku Livingstone. Inali yoyamba kutero. Oyendetsa ace anali awiri: wamkulu anali Pierre van Ryneveld, ndipo mnzace anali Quintin Brand, amene tifuna kulongosola moyo wace m'buku la caka cino.

Christopher Joseph Quintin Brand anabadwa pa 25 Meyi 1893 ku Beaconsfield, pafupi ndi migodi ya dayamondi ya Kimberley, m'dziko la South Africa. Atate wace anali wapolisi wofufuza milandu ku Johannesburg, mzinda umene anthu a kwathu opita ku migodi anaucha Joni, ndipo kumeneko mnyamatayo anaphunzira pa sukulu ya Abale a Marist. Pobadwa iye panalibe munthu ndi mmodzi yense pa dziko lapansi amene anaulukapo ndi ndege ya injini. Abale awiri a banja la Wright ku Amereka anayamba kuuluka mu Disembala 1903, Brand ali ndi zaka 10, ndipo ulendo wao woyamba unatha masekondi 12 okha. Mu 1913 Brand analowa usilikali wa kwao. Itabuka nkhondo ya 1914, imene akulu athu anaicha Nkhondo ya Ciwaya, anayamba watumikira kwao, ndipo mu 1915 anaoloka nyanja kumka ku Mangalande, nalowa m'gulu la asilikali ouluka lochedwa Royal Flying Corps. Mu Malici 1916 analandira kalata yomubvomereza kuti watha kuyendetsa ndege.

Owerenga asaganize za ndege zonga zimene aziona lero. Ndege ya nkhondo ya masiku amenewo inali ya matabwa opepuka, yokutidwa ndi nsaru yopakidwa mankhwala oumitsa, ndi yomangika ndi mawaya monga msampha. Woyendetsa anakhala pa mpando wopanda denga, mphepo yozizira irikumenya nkhope yace, thanki ya petulo iri pafupi ndi maondo ace. Angerezi sanapatse ouluka ao ambulera yaikulu ija yotsikira nayo pansi ndege ikaonongeka. Cotero moto ukagwira nsaru, munthuyo analibe kothawira.

Brand anatumizidwa ku Falansa, m'gulu la nambala 1, nayendetsa kandege ka munthu mmodzi kochedwa Nieuport 17. Caka ca 1917 cinali coopsya kwa Angerezi ouluka. M'mwezi wa Epulo wokha anataya ndege zoposa 240. M'miyezi yomweyo Brand anagwetsa ndege 7 za Ajeremani, nalandira mendulo ya Military Cross, ndipo atabvulazidwa anabwezedwa ku Mangalande. Akadakhala kuti nkhani yace inathera pomwepo sitikadailemba, pakuti anyamata otere analipo ambiri, ndipo ambiri a iwo anagona m'manda asanafike zaka 25.

Kuuluka mumdima

Pamene iye anafika ku Mangalande anapeza anthu a ku London ali ndi mantha atsopano. Ajeremani anali atapanga ndege zazikulu za mainjini awiri, zochedwa Gotha, zokhoza kuoloka nyanja ndi katundu wa mabomba. Pa 13 Juni 1917 zinafika pa London dzuwa liri pamutu, nizipha anthu 162. Mwa iwo munali ana 18 a sukulu ya ku Poplar, amene bomba linawapeza m'kalasi. Angerezi atalimbitsa cichinjirizo ca usana, Ajeremani anayamba kubwera usiku. Pa 3 Seputembala bomba linagwera nyumba imene munagona asilikali a pamadzi ku Chatham, ndipo anafa oposa 130.

Tsono bvuto linali ili. Ndege ya liwiro lokwanira kupirikitsa Gotha inali Sopwith Camel, koma Camel inali ndege yaukali ngati ng'ombe yosaphunzira goli. Injini yace yonse inazungulira pamodzi ndi copetera mphepo ca kutsogolo, ndipo mphamvu ya kuzungulirako inakokera ndege kumbali. Ophunzira ambiri anafa nayo masana, kunja kuli mbee. Akulu a nkhondo anakhulupira kuti kuuluka nayo usiku ndiko kudzipha. Koma usiku womwewo wa ku Chatham anthu atatu a gulu la nambala 44, pa bwalo la Hainault Farm, anapempha cilolezo nakwera. Maina ao ndiwo Murlis Green, mkulu wa gululo, Banks, ndi Brand. Ndege zao zinalibe ndi nyali yomwe younikira mawoci osonyeza liwiro ndi kutalika kwa kumwamba. Anazungulira mumdima mphindi pafupifupi 40, osaona mdani ndi mmodzi yemwe, natsika onse atatu amoyo.

Wina angati ulendowo unali wacabe, popeza sanaombere ndi cipolopolo comwe. Ife tiyesa kuti m'moyo wonse wa Brand usiku umenewo ndiwo unafuna mtima woposa. Pankhondo munthu amatenthedwa ndi mkwiyo, ndipo mkwiyo uphimba mantha. Koma kukwera mumdima wacete, akulu onse atanena kuti sudzabwera, kufuna kulimbika kwa mtundu wina. Ndiponso usikuwo unaphunzitsa Brand cinthu cimene cinatsatana naye kufikira ukalamba. Wouluka usiku satha kutsika yekha. Pansi payenera kukhala anthu oyala nyali za parafini m'mzere, ndi kuzisunga zoyaka kufikira iye atabwera. Iwo akagona tulo, luso lace lonse liri cabe. Kuyambira pamenepo magulu a Camel anayamba kulonda London usiku. Anapeza kuti moto woturuka ku kamwa kwa mfuti unacititsa khungu woyendetsa, nasunthira mfutizo pamwamba pa phiko. Anaika ndi tinyali pa mawoci.

Mu Febuluwale 1918 Brand anapatsidwa gulu la nambala 112 ku Throwley, m'dera la Kent. Usiku wa pa 19 Meyi, ndilo linali Sabata la Pentekoste, Ajeremani anatumiza ndege zokwana 41, khamu loposa onse amene anatumizapo. Anthu 49 anafa pansi. Brand anakomana ndi Gotha imodzi pamwamba pa Faversham, naiyandikira kumbuyo pafupi kwambiri, mfuti za ciwaya za mdani zirikumuombera. Anaombera injini yace imodzi, naomberanso, ndipo thanki inaphulika. Popeza anali pafupi cotero, malawi anakuta ndege yace namuwaula nkhope. Koma anaturuka m'motomo, natsika bwino. Gotha inagwa pa cisumbu ca Sheppey, ndipo Ajeremani atatu amene anali m'katimo anafa onse. Usikuwo Ajeremani anataya ndege 6 pa manja a ochinjiriza, ndipo sanabwerenso ndi ndege zao pa London kufikira nkhondo inatha. Brand analandira mendulo ya D.S.O.

Sitifuna kupitirira atatu aja msanga. Anadza kudzaponya mabomba pa nyumba za anthu ogona, ndipo Brand powagwetsa anapulumutsa ena amene sanamdziwe konse, ici ncoona. Ncoonanso kuti anali ana a anthu, ndipo pa tsiku limene mipingo ya ku Mangalande ndi ya ku Jeremani inakumbukira malilime a moto otsika kumwamba kudzagwirizanitsa mitundu, moto wina unatsika kumwamba uli ndi mitembo itatu m'kati mwace. Mabuku a nkhondo amawerenga ndege zogwa, monga mlenje awerenga nyanga. Amai a anyamatawo anawerenga mwa njira yina.

Pambuyo pace Brand anabwerera ku Falansa kukatsogolera gulu la nambala 151, limene nchito yace inali kusaka ndege zoponya mabomba usiku pa misasa ya asilikali. Gululo linagwetsa ndege 26, ndipo 4 mwa izo anagwetsa ndiye mwini. Pakutha nkhondo ciwerengero cace conse cinali 12, ndipo panalibe Mngerezi wina womposa pa kugwetsa ndege mumdima.

Makasu atsogola, ndege itsata

Nkhondo inatha ku Ulaya pa 11 Novembala 1918, koma kwathu kuno inacedwa pang'ono: mkulu wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anatula zida zace pa Abercorn pa 25 Novembala. Amuna a tengatenga, amene anasenza katundu wa nkhondo zaka zinai, anayamba kubwerera m'midzi, otsalawo. Ndipo nthenda ya fuluwenza inalowa nao pamodzi. Nthawi yomweyo Boma la Angerezi linaganiza zotsegula njira ya ndege kucokera ku Cairo, m'dziko la Aigupto, kufikira ku Cape Town. Linatumiza magulu atatu oyesa dziko, ndipo cigawo ca kumwera, kuyambira ku Abercorn, cinapatsidwa kwa Major Court Treatt.

Ndege ya masiku amenewo siinathe kuuluka kutali yosamwa petulo, ndipo injini yace inafa kawirikawiri. Cifukwa cace panafunika mabwalo oterapo oposa 40, ondandalika monga mikanda m'litali mwa Afirika. Bwalo liri lonse linayenera kukhala losalala ngati pa dwale. Yense amene anatsegulapo munda wa mphanje adziwa kulemera kwa mau amenewa. Kudula mtengo nkosabvuta. Nchito iri pa citsa, pakuti citsa cimodzi cotsala cikhoza kugubuduza ndege. Ndipo panalibe thirakitala kapena makina okumbira. Zonse zinacitika ndi nkhwangwa, khasu ndi dengu.

Ku Ndola mdani wamkulu anali zulu. Amene anafikako adziwa zulu za kumeneko, zazitali kuposa nyumba, zouma ngati njerwa yoocha. Amuna pafupifupi 700 anagwira nchito pa bwalo limenelo kuyambira Epulo kufikira Ogasiti 1919, kugumula zuluzo ndi kututa dothi lace pamutu. Kumene kunalibe njanji, zigubu za petulo ndi mafuta zinafikanso pamutu pa anthu. Ndipo bwalo likatha silinakhale lokha, pakuti udzu wa dzinja sudikira mzungu, ndi ciswe sicidziwa kuti pano mpa Boma. Panafunika anthu akusenga ndi kusalaza kufikira ndege itadza. Ambiri a iwo anali asanaonepo cinthu cimene analikucikonzera pogona. Maina a oyendetsa awiri ali m'mabuku a mitundu yambiri. Maina a amuna 700 aja mulibe.

Pakutha kwa 1919 njira inali yokonzeka, ndipo anthu angapo anayamba kupikisana kuti ayambe ndani kufika ku Cape. General Smuts, nduna yaikulu ya South Africa, anafuna kuti ulemuwo ugwere ana a dziko lace, nasankha van Ryneveld ndi Brand. Boma lace linagula ndege ya mtundu wa Vickers Vimy, yopangidwira kuponya mabomba, ya mainjini awiri a Rolls-Royce, mapiko ace otambasuka mapazi 68. Mtundu womwewo unali utaoloka nyanja ya Atlantic mu Juni 1919, ndi kufika ku Australia mu Disembala. Anaicha Silver Queen, nanyamuka pa Brooklands, pafupi ndi London, pa 4 Febuluwale 1920, ali ndi amakaniko awiri.

Apa luso la usiku la Brand linagwira nchito. Anaoloka nyanja ya Mediterranean mumdima, kucokera ku Italiya, m'namondwe woopsya, nakhala m'mwamba maora pafupifupi 11 asanaone gombe la Afirika. Atafika ku Cairo ananyamukanso usiku, kuti apewe kutentha kwa cipululu. Koma asanafike ku Wadi Halfa madzi oziziritsa injini imodzi anatayika, ndipo anakakamizidwa kutsika mumdima pakati pa miyala. Ndege inasweka, anthu onse anaturuka amoyo. Anamasula mainjini, nabwerera nao ku Cairo, nawamanga pa Vimy yina, imene anaicha Silver Queen II. Pa 22 Febuluwale anayambanso. Anatsata mtsinje wa Nile, napitirira Khartoum, nafika ku Kisumu pa nyanja ya Victoria. Opikisana nao analikugwa mmodzi mmodzi. Ndege yotumidwa ndi nyuzipepala ya The Times, imene inali patsogolo, inasweka pa Tabora.

Tsono anafika ku Abercorn, pamalo pomwe Ajeremani anatulira mfuti miyezi 15 yapitayo. Pano anakomana ndi mdani wosaoneka ndi maso. Dziko lathu liri pamwamba. Mbala iri mapazi oposa 5,000 pamwamba pa nyanja yamcere. Kumwamba kotere mpweya umacepa mphamvu, ndipo dzuwa likautentha umapepukanso koposa. Phiko la ndege limatsamira pa mpweya monga bwato litsamira pa madzi, ndipo injini imapuma mpweya womwewo monga munthu. Cotero ndege imene inanyamuka mosabvuta ku Mangalande, kuno inathamanga bwalo lonse yosafuna kusiya nthaka, ndipo anayenera kuipepuza potsitsa katundu. Inalinso nyengo ya dzinja, mabwalo a dothi ali ofewa ndi mvula. Koma anatera pa Ndola, pamene panali zulu paja, ndipo bwalo linawalandira. Anatera pa Broken Hill, ndiyo Kabwe, napitirira ku Livingstone. Lusaka, amene ali pakati pa malo awiriwa, pamenepo anali kasiteshoni ka njanji ndi masitolo owerengeka. Sanakhale likulu kufikira 1935, ndipo kumene kuli Avondale lero kunalibe mzinda.

Pa 5 Malici anafika ku Bulawayo, natera pa bwalo la mjaha wa akavalo, mzinda wonse utasonkhana. M'mawa mwace anadzaza mathanki, pofuna kufika kutali osaima. Mpweya wa pa mapazi oposa 4,000 unakana katunduyo. Ndege inanyamuka pang'ono, yosatha kukwera, nigwa m'thengo patsogolo pa bwalo. Kaciwiri anaturuka amoyo m'zidutswa. Smuts anawatumizira ndege yacitatu kucokera ku Pretoria, yaing'ono ya mtundu wa DH.9, yochedwa Voortrekker, imodzi mwa ndege 100 zimene Angerezi anapatsa South Africa itatha nkhondo. Inali ya mipando iwiri yokha, cotero amakaniko, amene anasunga mainjini amoyo kuyambira ku London, anatsala pansi. Pa 20 Malici 1920 van Ryneveld ndi Brand anatera ku Cape Town. Anatha masiku 45 pa njira, koma m'mwamba anakhala maora 109 ndi theka. Mfumu George V inawapatsa ulemu wa Sir onse awiri, ndipo Boma la kwao linapatsa yense mapaundi 5,000.

Njira imene makasu anatsegula siinatsekekenso. Kuyambira 1932 ndege za Imperial Airways zinanyamula makalata ndi anthu kucokera ku London kumka ku Cape, zikumatera pa Mpika ndi pa Broken Hill. Lusaka anakhala ndi bwalo lace pafupi ndi Longacres, ndipo mu 1967 linatsegulidwa lalikulu lija la kum'mawa, limene mu 2011 linapatsidwa dzina la Kenneth Kaunda. Mu 1999 anthu okonda mbiri ya ndege anauluka kucokera ku Mangalande kufikira ku Cape Town ndi Vimy yopangidwa mofanizira yakaleyo, ndipo pambuyo pace inaikidwa m'nyumba yosungira zakale ku Brooklands.

Nkhondo yaciwiri

Van Ryneveld anatsala kwao, nayambitsa gulu la nkhondo la m'mlengalenga la South Africa. Brand anabwerera ku Royal Air Force. Zaka zotsatira anazitha pa nchito zosachuka, za mainjini ndi za kuyesa ndege zatsopano ku Farnborough. Ndipo kuyambira 1932 kufikira 1936 anali woyang'anira za ndege m'Boma la Aigupto.

Mu Juni 1940 Falansa anagwa m'manja mwa Hitler, ndipo Angerezi anayembekezera kuti adani aoloka. Koma Ajeremani sakanatha kuoloka asanathyole ndege zochinjiriza cisumbuco. Nkhondo ya m'mlengalenga imene inatsata, kuyambira Julaye kufikira Okutobala, ndiyo ichedwa Battle of Britain. Mkulu wa ochinjiriza onse, Sir Hugh Dowding, anagawa dziko m'zigawo zinai. Cigawo ca 11, ca London ndi gombe loyang'anana ndi Falansa, cinali ca Keith Park wa ku New Zealand, ndipo ndico cinalandira nkhonya zambiri. Kumpoto kwace kunali cigawo ca 12, ca Leigh-Mallory. Kumadzulo kwace kunali cigawo ca 10, ndico anapatsidwa Brand, likulu lace liri ku Rudloe Manor pafupi ndi Bath. Tsopano anali ndi zaka 47, ndipo sanaulukenso kukamenyana. Anakhala pamwamba pa gome lalikulu la mapu, pamene akazi a usilikali anasuntha timatabwa tosonyeza ndege, monga anauzidwa ndi makina a radar a m'gombe ndi alonda oyang'ana kumwamba. Amene kale anadalira oyatsa nyali, tsopano anali iye woyatsa nyali.

Sabata lomwe Ajeremani anayamba kumenya kolimba, pa 13 Ogasiti, asilikali a kwathu a Northern Rhodesia Regiment ndi a Keyala a ku Nyasaland analikumenyana ndi Ataliyana pa Tug Argan, ku Somaliland. Nkhondo inali imodzi, ngakhale iwo ndi anyamata a Spitfire ndi Hurricane sanadziwane.

Cimene Brand akumbukika naco m'miyezi imeneyo ndi ici. Adani akadza, Park anatumiza magulu ace onse kukawacingamira, ndipo mabwalo ace anatsala opanda mlonda. Cotero anapempha anansi ace awiri kuti amphimbire. Ku cigawo ca 12 kunali ciphunzitso cakuti ndege ziyenera kuyamba zasonkhana magulu atatu kapena asanu pamodzi, kuti zikanthe ndi mphamvu yaikulu. Mwini wace wa maganizowo anali Douglas Bader, woyendetsa wochuka wa miyendo yacitsulo. Koma kusonkhana m'mwamba kumadya mphindi, ndipo nthawi zina khamulo linafika mabomba atagwa kale pa mabwalo a Park. Brand sanatero. Park akaitana, iye anatumiza cimene anali naco, gulu limodzi kapena awiri, nthawi yomweyo ndi kumalo komwe anapemphedwa, angakhale anali nao madoko a Plymouth ndi Portland ndi mafakitale ace a iye mwini ofuna kulondedwa. Pa 15 Seputembala, tsiku la nkhondo yaikulu pamwamba pa London, magulu a cigawo ca 10 analipo. Akulu athu amati mnzako akapsya ndebvu umzimire, pakuti mawa adzazima zako. Ndipo munthu amene nkhope yace inalawa kale moto sanafune womphunzitsa mwambiwo.

Koma tisamjambule ngati wosalakwa. Pa 25 Seputembala khamu la ndege za adani linalowa m'cigawo cace, ndipo a m'nyumba ya mapu anayesa kuti lirikumka ku fakitale ya ndege ya ku Yeovil, natumiza ochinjiriza kumeneko. Adani anapitirira, nakaponya mabomba pa fakitale ya ku Filton pafupi ndi Bristol, ndipo anchito pafupifupi 90 anafa. Colakwaco cinacitika pansi pa ulamuliro wace. Tsiku lotsatira gulu la Hurricane linasamutsidwira ku Filton komweko, ndipo pamene adani anabweranso pa 27 Seputembala anabwezedwa asanafike pa fakitale.

Ajeremani analephera, ndipo Hitler anazengereza kuoloka kufikira analeka. Mwa ouluka pafupifupi 3,000 amene anachinjiriza cisumbuco, 544 anafa m'miyezi inai imeneyo. Tsono panacitika cinthu cimene anthu a m'mabwalo a mafumu sadzadabwa naco. Mkangano wa khamu lalikulu uja unafika kwa akulu a ku London, ndipo pa msonkhano wa pa 17 Okutobala, pamene Brand analiponso, mau a Leigh-Mallory ndi Bader ndiwo anakondweretsa akuluwo. Brand anaima ndi Dowding ndi Park. Mu Novembala Dowding anacotsedwa. Mu Disembala Park anatumizidwa kukayang'anira masukulu a ndege, ndipo mpando wace anaupatsa Leigh-Mallory. Mu 1941 Brand nayenso anacoka pa cigawo ca 10, napatsidwa cigawo ca maphunziro. Caka comweco mkazi wace anamwalira. Olemba mbiri ambiri a pambuyo pace aweruza kuti Dowding ndi Park ndiwo anaona bwino, ndipo tsopano mafano ao aimirira mu London. Brand, amene anacirikiza Park pa masiku osautsa, dzina lace limangochulidwa m'mphepete mwa nkhani ya anzace.

Anapuma pa nchito pa 6 Novembala 1943, ali ndi udindo wa Air Vice-Marshal, nkhondo isanathe. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 anabwerera ku Afirika, nakakhala mlimi pafupi ndi Umtali, ndiyo Mutare, m'dziko limene pamenepo linachedwa Southern Rhodesia. Linali dziko limene lamulo la 1930 linapatula nthaka yabwino yambiri kuti ikhale ya azungu okha, ndipo m'mafamu ace munali anthu ambiri a kwathu, ocokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete, ogwira makasu monga anagwira atate ao pa zulu za ku Ndola. Kumeneko anakalamba, ndege za mainjini a jeti zitayamba kale kudutsa m'tsiku limodzi njira imene iye anayenda masiku 45. Anamwalira ku Umtali pa 7 Malici 1968, ali ndi zaka 74, patapita zaka 48 ndi tsiku limodzi kucokera m'mawa uja anaturuka wamoyo m'zidutswa za Silver Queen II ku Bulawayo.